Nkhope imene amayi akaone kumudzi

Moni abale anga nonse amene mukundimvera, kaya muli pa ntchito ya usiku, kaya muli m'takisi kubwerera kumene mumagona. Ndikulankhula kuchokera kuno ku Johannesburg, Joni yathu yomweyi. Ambiri mwakhala mukundifunsa monong'ona kuti kodi ntchito imene ndimagwira ndi yotani kwenikweni. Lero ndiyankha poyera. Ndimagwira pa kampani ina yoona za maliro, m'chipinda choumitsira ndi kukonzera matupi. Amayi anga ndinachedwa kuwauza, chifukwa kwathu osambitsa maliro amakhala akuluakulu, osati mnyamata wa msinkhu wanga.

Mmalawi akamwalira kuno, abale ambiri amafuna akagone kwawo. Ngakhale Kamuzu Banda anamwalirira mumzinda uno, ku Garden City Clinic, pa 25 November 1997, ndipo thupi lake linabwerera ku Malawi pa ndege. Ife anthu wamba nthawi zambiri bokosi limayenda pamsewu: Beitbridge, kudutsa Zimbabwe mpaka Nyamapanda, kenako Tete, Zobue, n'kulowa pa Mwanza. Amene munadutsako ku Tete mukukudziwa kutentha kwake. Onjezani masiku osonkha ndalama m'magulu athu a WhatsApp, masiku odikira chikalata cha imfa ndi chilolezo chotulutsira thupi m'dziko. Popanda kuumitsa, kumudzi sangatsegule bokosi.

Timayamba ndi kusambitsa, kenako kuwongola manja ndi miyendo pang'onopang'ono chifukwa thupi limakhala litalimba. Maso ndi pakamwa timakonzeratu mankhwala asanalowe, poti akangolowa nkhope imauma momwe yakhaliramo. Pansi pa zikope timaika tizivundikiro tapulasitiki kuti maso asalowe m'kati. Nsagwada timaimanga ndi ulusi m'kati mwa kamwa, posaoneka. Apa ndi pamene ndimachedwa kwambiri, chifukwa milomo ukaikanikiza mopitirira, munthu amaoneka ngati wakwiya, ndipo abale amazindikira msanga kuti si mmene ankakhalira.

Tikatero timacheka pang'ono m'munsi mwa khosi, n'kupeza mtsempha waukulu. Makina amapopera mankhwala mmenemo, magazi n'kumatulukira mtsempha wina wapambali pake. Mankhwala ake ndi formalin wosungunula ndi madzi, wosakaniza ndi utoto wofiirira ndi zina zofewetsa khungu. Fungo lake limalasa m'maso ndi m'mphuno, n'chifukwa chake masiki ndi magolovesi sitivula. Pamene akulowa timasisita manja ndi masaya kuti afike paliponse. Magazi akatsalira, khungu limatuwa. Munthu akamwalira ndi matenda a chikasu, mankhwala amphamvu kwambiri angasinthe khungu kukhala lobiriwira, choncho muyezo wake umafuna wodziwa. Pomaliza timachotsa madzi a m'mimba ndi m'chifuwa ndi chitsulo chachitali chokhala ndi mphako m'kati, n'kuthiramo mankhwala ena amphamvu.

Zonsezi munthu ukhoza kuziphunzira m'miyezi yochepa. Chimene chinanditengera zaka ndi nkhope.

Chaka chatha anatibweretsera mnyamata wa kwathu, wogundidwa ndi galimoto m'mamawa akupita ku ntchito. Tsaya lamanzere linali litaphwanyika, pachipumi patang'ambika. Akuluakulu a gulu lawo ananena kuti bokosi lingotsekedwa. Mchemwali wake, yemwe amagwira ntchito ya m'nyumba kuno, anandikokera pambali. Anati, "Achimwene, amayi akhala zaka 6 osamuona mwana wawoyu. Akapanda kuona nkhope, sadzakhulupirira." Ananditumizira zithunzi zitatu pa foni.

Ndinaika foniyo pambali pa tebulo, n'kuyamba. Mafupa a tsaya ndinawalumikiza ndi waya wopyapyala, pomwe panali dzenje ndinadzazapo thonje. Bala ndinalisoka ndi ulusi woyenda pansi pa khungu kuti msoko usaoneke. Pamwamba pake ndinaika phula lapadera, kulifewetsa m'manja mwanga, kulisalaza ndi kampeni kosathwa. Phula likangosalala limaoneka ngati chidole, ndiye umaligogoda ndi nsonga za burashi kuti pabwere timabowo tonga ta khungu lenileni. Zodzola za anthu amoyo zimadalira kufunda kwa thupi, pa thupi lozizira sizikhala bwino, choncho tili ndi zathu. Ndipo khungu lathu lakuda silikhala la mtundu umodzi ayi. Pachipumi pamada, pamasaya pamawala, m'munsi mwa maso muli mtundu wakenso. Ndinasakaniza mitundu inayi, kuyang'ana chithunzi, kupukuta, kuyambiranso. Zimandiwawa ndikaona m'bale wathu atapakidwa mpaka kuyererako ngati munthu wina. Kumeneko ndi kusasamala.

Pamwamba pa nsidze yakumanja panali kachipsera kakale. Ndinali nditatenga kale burashi kuti ndikabise, koma mtima unandiletsa. Ndinaimbira mchemwali uja. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chonde musakafute. Anagwa mu mtengo wa mango ali sitandade 2. Amayi ndi amene anamubereka kumbuyo kupita naye kuchipatala."

Ndinakasiya momwemo. Tsitsi ndinalipesa monga pa chithunzi, milomo ndinaipaka mafuta pang'ono kuti isaume panjira, mutu ndinauchirikiza bwino kuti mabampu a msewu asawononge phula lija. Woyendetsa galimoto ndinamupempha kuti akafika, bokosi atsegule ali yekha kaye ndi mkulu mmodzi, aone ngati zonse zili m'malo.

Patatha masiku anayi, usiku ndili pa ntchito, uthenga wa mawu unalowa. Kumbuyo kwake kunkamveka amayi a mvano akuimba pa siwa. Mchemwali uja anati, "Achimwene, tafika bwino. Amayi aona nkhope. Agwira pachipsera paja ndi chala, n'kumuitana dzina lake la paubwana."