Alamu, tikiti ya Seputembala ija isintheni

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ana ali bwanji? Chithunzi chija cha chida mwagulira ulendo wodzasaka elk kuno, nyama ija yonga gwape wamkulu, ndachiona, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba zala zingatope. Mumvetsere mpaka kumapeto, musachite zanu zija zomva theka n'kuyamba kuyankha.

Chida mwagulacho n'chokongola, sindikukana ayi. Koma crossbow, uta woombera ngati mfutiwo, kuno ku Colorado saloleza pa nyengo yosaka ndi uta. Kwanu ku Indiana amaloleza posaka agwape, n'chifukwa chake wa m'sitolo uja anangolandira ndalama osanena kanthu. Kuno mu Seputembala amafuna uta wokoka ndi dzanja, kulimba kwake kosachepera mapaundi 35, pokhapokha munthu akhale ndi chilolezo cha ulumali, ndipo inu, mmene ndikukudziwirani, chokuvutani ndi ulesi wokha. Crossbow amaloleza pa nyengo za mfuti. Ndiye taganizani, anzanu onse m'phirimo ali ndi mfuti yofika mamita 300, inu mwasenza chinthu chofuna kuti nyama ikuyandikireni mpaka mamita 40. Musungire agwape a kwanu konko.

Koma chimene chandinyumwitsa kwambiri ndi mawu anu aja akuti laisensi tikagula tikafika. Alamu, zija zinali kale. Kuyambira 2025 munthu wosakhala ku Colorado sangangolowa m'sitolo n'kugula laisensi ya uta ya elk ya kumapiri kuno. Amayenera kulowa m'maere a Colorado Parks and Wildlife, a gemu a kuno, ndipo maerewo amatseka kumayambiriro kwa Epulo. Epulo anadutsa kalekale. Ndiye mukabwera mu Seputembala mudzangokhala wonyamula madzi kumbuyo kwanga. Imbirani a ndege asinthe tikitiyo, ikhale kumapeto kwa Okutobala, chifukwa chake ndikuuzani.

Ndikumvetsa chifukwa chimene mukufunira Seputembala, ndi mavidiyo aja achemwali amatumiza pa gulu la banja, elk zitagona pa kapinga m'tauni ya Estes Park, anthu akujambula ndi mafoni. Zimenezo n'za m'tauni, pafupi ndi Rocky Mountain National Park kumene kulibe kusaka. Zikudziwa kuti palibe angaziombere. Za kuthengo zikangomva fungo la munthu, mumangomva mitengo phwa phwa phwa, zapita, mawa zili kuseri kwa phiri lina. Ndipo ku Estes Park komweko munthu wina anapha nkhunzi yotchuka, ankaitcha Samson, mu 1995, ndi crossbow yomweyo. Anthu anakwiya mpaka panabwera lamulo la dzina lomwelo, loti wopha mozembera nkhunzi ya nthambi 6 pa nyanga imodzi amuwonjezere madola 10,000 pamwamba pa chindapusa china chonse. Ndiye musamati a gemu a kuno ndi okambirana nawo.

Komabe Seputembala ndi mwezi wokoma, ndisakunamizeni. Ndi nthawi imene nkhunzi zimafuna zazikazi. Mbandakucha, chisanu chili mwa, mumamva nkhunzi ikulira kuchigwa, imayamba ndi mawu okhuthala, kenako mluzu wautali wokwera, n'kumalizira ndi kudzuma. Tsitsi limaima. Asaki a uta amatengerapo mwayi pamenepo. Amaika kalikhweru kopyapyala m'kamwa, kena kotsanzira yaikazi, kapena amaliza m'chitoliro kutsanzira nkhunzi inzake kuti ipse mtima ibwere kudzamenyana. Zimayenda bwino mukakhala awiri: woitana amakhala kumbuyo ndithu, woponya kutsogolo atagwada pa chitsamba, kuti nkhunzi ikamayang'ana kumene kukuchokera mawu idutse pafupi ndi muvi. Nyama ya makilogalamu 300 ndi kuposa, ikubwera ikuthyola nthambi, dovu lili chuchuchu, inu mukuyenera kukoka uta osagwedeza tsamba. Manja amanjenjemera ngakhale a anthu ozolowera. Ambiri a uta amabwerera chimanjamanja, ndipo amene aphayo amathamangitsana ndi kutentha, chifukwa masana a Seputembala nyama sichedwa kununkha.

Ndipo zonsezo, kaya uta kaya mfuti, mwini nkhani ndi mphepo. Ine m'thumba la malaya simusowa kabotolo ka ufa woyera. Kuyenda pang'ono, kufinya, n'kuona kumene ufa ukulowera. M'mamawa mpweya wozizira umatsika phiri, ndiye inu muziyandikira kuchokera kumunsi. Dzuwa likatentha mpweya umatembenuka n'kuyamba kukwera, mukakhala mudakali kumunsi kwa nyama, fungo lanu lafika kale. Elk ikakuonani ikhoza kukayikira, ikamva phokoso ikhoza kuganiza kuti ndi inzake, koma mphuno yake siinama. Mafuta onunkhira aja mumadzola popita kutchalitchi asiyeni ku South Bend.

Pali ena safuna zoyendayenda. Amapeza chithaphwi chimene nkhunzi zimagubudukamo, matope osakanikirana ndi mkodzo, fungo lake mumalimva musanachione, n'kubisala pambali kapena kukwera mumtengo, kudikira kuyambira masana mpaka kachisisira. Kwa munthu wa mawondo ovuta imeneyo ndiyo njira. Kungoti pamafunika mtima wautali, ndipo inu kukhala chete ola limodzi sindinakuonenipo. Koma musaganize zothira mchere kapena chimanga pamenepo ayi, nyambo n'njoletsedwa. Ndikunena chifukwa ndinamva amalume pa foni paja akukulangizani za uzimba, akuti pezani agalu awiri ndi anyamata ochita phokoso. Agalu posaka elk saloleza. Makhwekhwe saloleza. Tochi usiku saloleza. Kuombera kumayamba patatsala theka la ola kuti dzuwa lituluke, kumatha theka la ola litalowa, basi. Amalumewo muziwayankha kuti eya, koma musatsatire.

Paja akupeza bwanji mwendo uja? Ndinamva kuti anapitanso kuchipatala. Muwaimbire inunso, asamangodalira ine. Akamakamba za uzimba ine ndimakumbukira utsi wa m'chilimwe kumudzi, ife ana tikukumba mbewa m'munda wokolola kale, kubwerako phulusa lili mbuu mpaka m'maso. Kuno nyama ili tho m'filiza koma mbewa yootcha ndi kamchere ndimaifunabe, mlamu wanu amandiseka.

Eya, ndinali pati? Gogodela. Musaseke, kuno ilipo ndipo ili ndi nyengo yakeyake, masiku 9 pakati pa Seputembala, nthawi imene nkhunzi zikulira kwambiri. Kuthira onga kukamwa kwa mfuti, kulowetsa chipolopolo, kutsindira ndi kamtengo, monga mmene mukudziwira. Ku Colorado saloleza kuikapo galasi loonera patali, mumalunjika ndi maso anu, ndiye nyama iyenera kukhala cha m'mamita 100. Mwayi ndi umodzi. Mukaomba utsi umatseka kumaso, pomwe uzitha nyama yagwa kapena yapita, ndipo onga ukanyowa ndi mvula mfuti imangoti kha. Ine ndimaiona ngati njira yabwino kuposa zonse, chifukwa muli m'nyengo yolira koma simukufunika kuyandikira ngati wa uta. Koma nayonso n'nja maere. Chaka chamawa tidzalembetse limodzi Epulo asanafike.

Ndiye chotsala kwa inu chaka chino ndi mfuti. Nyengo za mfuti zilipo zinayi, kuyambira Okutobala mpaka Novembala. Yoyamba ndi yachinayi n'za maere, koma yachiwiri ndi yachitatu, m'madera ena, laisensi ya nkhunzi mpaka pano amagulitsa popanda maere ngakhale kwa alendo. N'chifukwa chake ndikuti kumapeto kwa Okutobala. Mtengo wake kwa inu ukuposa madola 800, pomwe ife a konkuno sitifika ngakhale 100, ndiye achemwali muwauziretu, asadzaone okha pa khadi la kubanki n'kuyamba kundiimbira ine.

Nthawi imeneyo nkhunzi zasiya kulira, zatopa, zaonda, zabisala m'nkhalango zothithikana. Kuitana sikuthandizanso kwenikweni. Ntchito imakhala ya maso. Timadzuka usiku, kukwera pamalo okwera kusanache, kukhala pansi ndi zoonera patali n'kumasanthula phiri la tsidya lina mtengo ndi mtengo. Mukaona kachikasu kakusuntha m'mphepete mwa nkhalango, mumayamba kuwerengera njira, chigwa chiti, mphepo ikupita kuti, tikafika kusanade kodi. Sinowo akagwa pang'ono ndiye mwayi, mapazi amaoneka, ndipo nyama zimayamba kutsika. Choipa chake ndi anthu. Tsiku lotsegulira phiri lonse limachita kuwala ndi malaya a olenji, magalimoto ali ndandanda m'msewu. Elk zimathawira kutali ndi msewu kapena m'minda ya anthu, ndiye amene amapha ndi amene walola kuyenda kumene anzake akuopa.

Za olenjizo, musadzavale chikhoti chanu chobiriwira chija chokha. Lamulo limafuna chovala chowala cha olenji kapena pinki kumtunda kwa chiuno, kukula kwake masikweya inchi 500, ndi chipewa chomwe, chooneka mbali zonse. Ndili nazo zapadera, musagule.

Tidzapita ku Uncompahgre, mapiri a kumadzulo kwa Montrose, sikutali ndi kuno ku Grand Junction. Pamwamba pake pali msewu wafumbi, Divide Road. Mbali ina ndi dera 62, laisensi yanu ikugwira. Mukangowoloka msewu muli m'dera 61, limene anthu amadikira zaka zambirimbiri m'maere kuti alipeze. Mukaombera kumeneko ndinu wakuba nyama. Komanso kuno mwini malo sakakamizidwa kuika chikwangwani kapena mpanda, ndi udindo wanu kudziwa kuti mwaponda pa ndani, ndiye muike mapu a onX pa foni musananyamuke, kumtundako netiweki kulibe.

Musanakoke chala muwerenge nyanga. M'madera ambiri nkhunzi yololedwa ndi ya nthambi zinayi pa nyanga imodzi, kapena nthambi ya pamphumi yofika mainchesi 5. Yaikazi ndi laisensi ina. Kunena zoona, ngati cholinga ndi ndiwo, yaikazi ndiyo nyama yofewa, nyanga sadya munthu. Malaisensi otsala m'maere amawatulutsa kumayambiriro kwa Ogasiti, nthawi zina za zazikazi zimapezekamo. Ndipo mukaona chinyama chakuda, chamiyendo italiitali, mphuno yolendewera, chili chokha pa dambo, imeneyo ndi moose, musayerekeze. Anthu amalakwitsa chaka ndi chaka n'kukathera kukhoti.

Aaa, ndikanaiwala chachikulu. Khadi la maphunziro a usaki muli nalo? Aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1949 sagula laisensi kuno popanda khadi limenelo. La ku Indiana amalandira. Ngati mulibe, yambani sabata ino. Ndiyeno mng'ono wanu uja wa pa viza ya sukulu, mwati akufuna kubwera nawo. Abwere, koma lamulo la dziko lino silimulola kugwira mfuti pokhapokha akhale ndi laisensi ya usaki yakeyake. Ndikunena kugwira kwenikweniko, ngakhale kojambulitsa kuti aike pa Facebook. Ana a masiku ano chithunzi chimodzi akhoza kutaya nacho sukulu yonse. Mumuuze inuyo, ine akhoza kuganiza kuti ndikumuopseza.

Koma mnyamatayo timufuna, chifukwa cha msana wake. Kumene tikasakeko ndi pafupifupi msinkhu wa Sapitwa, mamita 3,000, ndipo inu mukuchokera ku chidikha. Mufike masiku awiri kapena atatu nyengo isanatsegulidwe, thupi lizolowere, muzimwa madzi ambiri, mowa ayi. Kuyambira lero muzikwera masitepe ndi chikwama cholemera. Chifukwa nyama ikagwa, galimoto sifika pamenepo. Timasenda pomwepo, nthawi zambiri kutada, tochi ili pamphumi, manja atauma ndi chisanu. Miyendo inayi, nyama ya m'mbali mwa msana ndi yam'kati mwake, zonsezo lamulo limati mutenge, kusiya ndi mlandu. Ziwalo zosonyeza kuti ndi yamphongo zitsalire pa nyama, a gemu amafunsa. Timaika m'matumba a nsalu n'kupachika mumtengo pamthunzi, patali ndi matumbo chifukwa cha zimbalangondo. Mwendo wakumbuyo umodzi umafika makilogalamu 30. Kubereka, kutsika chigwa, kukwera, kutula, kubwereranso. Amene ali ndi ndalama amalipira eni mahatchi, ife mahatchi ake ndife tomwe.

Pobwerera ku Indiana mudzatenga nyama yochotsa mafupa yokha, mutu wa ubongo ndi fupa la msana zitsala kuno, chifukwa cha matenda aja a ubongo otchedwa CWD amene anayamba kuonekera mwa agwape ku Fort Collins mu 1967. Tidzayezetsa kaye musanadyetse ana. Ndipo achemwali ndamva ayamba kale kulonjeza amayi a kutchalitchi, ena mpaka afunsa mtengo pa kilo. Kugawa agawe, kugulitsa nyama yakuthengo ndi mlandu. Nyamayo sinafe n'komwe, alamu, idakali kudya udzu kuphiri.

Nthawi yandithera, ndikulowa usiku lero. Nditumizireni saizi ya phazi lanu ndikuuzeni nsapato zoti mugule, ndipo muyambe kuzivala pompano, zatsopano m'phiri zimasupula. Mfuti mudzagwiritsa yanga ya .30-06, tidzakayeserera kaye mukafika. Moni kwa achemwali ndi ana.