Achimwene, za enalapril uja

Achimwene, mwaswera bwanji. Alamu andiuza kuti kuchipatala akupatsani enalapril, mankhwala a BP, kuthamanga kwa magazi kuja. Ndili pa depoti pano ndikudikira minibasi ya ku Kawale, phokosoli mungolipirira.

Choyamba mudziwe chimene mankhwalawo akulimbana nacho. M'thupimu muli homoni, dzina lake angiotensin II. Imachokera ku impso... ayi, ndiyambe bwino. Chiwindi chimapanga chiyambi chake, impso zimatulutsa china chotchedwa renin n'kuchidula, kenako makamaka m'mapapo muli china chotchedwa ACE, ndicho chimamalizitsa. Homoniyo ikapangika imafinya mitsempha ya magazi, ngati mwatsina paipi yothirira dimba, ndiponso imachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi. Ndiye mtima umapopa mokakamiza, mokakamiza, zaka zikamapita mnofu wake umakhuthala, mapeto ake umatopa. Enalapril amatsekereza ACE uja. Mwandimva? Amangotsekereza tsiku limenelo. Mawa kumwanso, nthawi yomweyo.

Masiku oyamba podzuka muzikhala kaye pabedi, kumabwera chizungulire.

Tsopano chifuwa. Apa mumvetsere, chifukwa ine ndinalakwira pomwepa. Patatha milungu ingapo ndikumwa enalapril yemweyu ndinayamba kutsokomola, kouma, kopanda makhololo, pakhosi ngati pali nthenga. Usiku osagona. Ndinaganiza TB, ndinamwa mandimu, jinja, osasintha. Nditazindikira kuti ndi mapiritsiwo ndinangowasiya, osauza munthu. Osauza munthu, achimwene! Pobwerera kukayezetsa, BP inali itadutsa kale 140 pa 90, kutali ndithu. Adokotala anati ACE yemweyo ndi amene amaphwanya china chotchedwa bradykinin, ndiye akatsekedwa chimachuluka n'kumakanda pakhosi. Anandisinthira mankhwala ena a BP, losartan, chifuwa chinatha. Ndiye mukatsokomola musasiye nokha, tengani buku la kuchipatala mupite mukanene. Ndabwereza dala.

Koma milomo, lilime kapena nkhope zikatupa, zimenezo ndi zina. Osamwanso, thamangani kuchipatala cha Central nthawi yomweyo.

Bambo ena kwathu kuno, mutu utasiya kupweteka anati ndachira, mapiritsi a BP anaponya m'kabati. Tinawauza. Lero dzanja lamanja siligwira, akazi awo ndi amene amawadyetsa. Zimandipweteka ndikawaona.

Eya, ndimati ndiiwale, Brufen ndi diclofenac. Msana ukapweteka musamangogula pa golosale, zimalimbana ndi mankhwalawo ndipo zimavulaza impso. Panado bola. Mukatsekula m'mimba kapena kusanza kwambiri, funsani kuchipatala musanapitirize kumwa.

Mchere a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera wa m'ndiwo ndi wa pa kanyenya womwe. Muwauze alamu achotse ka pa tebulo kaja. Ndipo alamuwo asamamweko anuwo ati nawonso mutu ukuwapweteka, makamaka ngati ali oyembekezera, amaononga mwana m'mimba.

Minibasi yadzadza. Mukakayezetsa BP mundilembere manambala onse awiri, apamwamba ndi apansi.