Bowo la sefa ndi kutalika kwa mkono

Zikomo a tcheyamani. Abale ndi alongo, ambiri muno mumagwira ntchito m'mafakitale a ku Wadeville, Isando ndi City Deep, ndiye lero ndabwera ndi kachidutswa aka ka waya wa sefa wotchingira makina ndi tepi yoyezera. Achimwene mwakhala kutsogoloko, tabwerani, mulowetse chala pabowo apa. Mwaona? Chalowa chonse mpaka patsinde. Bowo limeneli ndi la mamilimita 25 mbali zonse. Kuseri kwake kukanakhala giya yozungulira, bwenzi tikuthamangira nanu kuchipatala.

Kumudzi tinakula ndi chigayo cha lamba wapamtunda, tikumangochenjezana kuti chitenje chisayandikire. Kuno ku Joni makina amabwera otchinga, ndiye mtima umagona. Koma chotchinga chili ndi masamu ake, ndipo analembedwa mu muyezo wotchedwa ISO 13857. Bowo likamakula, sefayo iyenera kutalikira mano a makina. Bowo ngati ili lifunika mamilimita 120 kuchokera pa choopsacho. Likafika mamilimita 40, akhale 200. Likapitirira pamenepo, ndiye kuti mkono wonse ulowa mpaka paphewa, choncho pafunika mamilimita 850, pafupifupi mita yathunthu.

Chomwe chimapusitsa ambiri ndi mng'alu wautali, monga uja umatsala pakati pa malata awiri. Umaoneka wopapatiza, koma ukangoposa mamilimita 20 m'lifupi, dzanja limalowa chafulati, mkono n'kutsatira. Nawonso ufuna 850 yomweyo. Ine ndinaonapo mnzanga wina atakulitsa bowo ndi pulayala kuti azithira girisi osamasula mabawuti. Anapulumutsa mphindi zisanu zokha, chotchingacho n'kusanduka chokongoletsa.

Tsopano inu a pa makina opinda zitsulo, amene kutsogolo kwanu kuli kuwala kuja kozimitsa makina mukakudutsa. Pamenepo amawerengera liwiro. Muyezo wina wotchedwa ISO 13855 umatenga dzanja la munthu ngati likuyenda mamilimita 2000 pa sekondi imodzi. Muchulukitse nambala imeneyo ndi nthawi yomwe makinawo amatenga kuti aimiretu. Akaima pa 0.1 ya sekondi, ndi mamilimita 200. Mabuleki akatha n'kumaima pa 0.2, mtunda wafika 400, pomwe kuwala kuja kudakali pamalo pomwe anakumangirira tsiku loyamba. Dzanja lanu lifika makina asanaime. Ndipo masamu amenewa ndi a kuwala kotha kuona chinthu chaching'ono ngati chala, cha mamilimita 14. Kukakhala kwa mipata ikuluikulu amaonjezeranso mtunda. Popeza mabuleki amatha, nthawi yoimira ija imayenera kuyezedwa mobwerezabwereza.

Amayi kumbuyoko mukuti nanga tikalankhula satichotsa ntchito? Mantha amenewo ndimawadziwa, nanenso ndine mlendo m'dziko muno. Koma lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993 limaika udindo wa makina otetezeka pa bwana, ndipo pamalo pa antchito oposa 20 payenera kukhala woimira antchito pa zachitetezo. Kambani ndi ameneyo, mupite ndi nambala m'manja: bowo ndi lakuti, mtunda ndi wakuti. Poyeza muyambe mwazimitsa makina ndi kukhoma loko pa switchi. Sefayi ndi tepiyi ndazisiya patebulo apa, tikamamwa tiyi aliyense ayese dzanja lake.