Pemphero Likamauma M'miyezi ya Mdima

Moni abale ndi alongo, kulikonse kumene mukumvera, kaya muli m'basi mukuchokera ku shifiti ya usiku, kaya mukukonzekera kunyamuka. Lero tikambirane nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi: kugwada, kupemphera, koma n'kumamva ngati mawu akungothera kudenga.

Kuno ku UK vutoli lili ndi nthawi yake. Lamulungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo kumada msanga. Pofika pa 21 Disembala, ku London kumawala maola osakwana 8, dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ku Glasgow ndi maola 7 okha. Munthu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kuyambira 8 m'mawa mpaka 8 usiku akhoza kutha sabata yathunthu osaliona dzuwa. Ndiye amadabwa kuti moto umene anali nawo mu Juni wazilala bwanji, n'kuyamba kudziimba mlandu kuti wabwerera m'mbuyo.

Musafulumire kudziweruza. Yambani mwafunsa thupi. Pa 1 Mafumu 19, Eliya wangochoka kumene paphiri la Karimeli pamene moto unatsika kumwamba, koma Yezebeli atamuopseza akuthawira m'chipululu, akukhala pansi pa mtengo n'kupempha imfa. Taonani chimene Mulungu anayamba kuchita. Sanamudzudzule. Anamulola kugona, mngelo anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, anagonanso, anadyanso. Kulankhulana kunadza pambuyo pa ulendo wa masiku 40, kuphiri la Horebu, ndipo kunadza m'mawu apansipansi, osati m'mphepo, m'chivomerezi kapena m'moto. Choncho werengani maola amene mwagona masiku 7 apitawa. Ngati sakupitirira 5 pa tsiku, kuuma kwa pemphero lanu kwayambira pamenepo. Pa nthawi yopuma masana tulukani panja mphindi 20, ngakhale kukhale mitambo. A NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, amalangiza kumwa vitamini D, 10 micrograms tsiku lililonse m'miyezi yachisanu, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati tiganizire kumwa chaka chonse. Apa ndichenjeze: ino si nthawi yolowa m'kusala kudya kwa masiku ambiri pofuna kuti moto ubwerere. Thupi lotopa kale likamanidwanso chakudya, mtima umangolemera koposa.

Chachiwiri ndi ndandanda ya ntchito. Ambiri amaika pemphero pa wotchi, amvekere 5 koloko m'mawa, koma mashifiti akasintha dongosolo lonse limagwa. Limangirireni ku chinthu chimene mumachita tsiku lililonse: mukangovula yunifomu, musanagwire foni, mphindi 10. Salimo limodzi, liwerengeni mokweza, kenako Pemphero la Ambuye pang'onopang'ono. Basi. Kulonjeza ola lathunthu n'kulephera katatu kumabala manyazi, ndipo manyazi ndiwo amaletsa munthu kugwadanso. Masalimo 42, 13 ndi 88 ndi oyenera nyengo imeneyi. Salimo 88 limathera mumdima, popanda yankho, komabe lili m'Baibulo, ndipo wolilembayo akulankhula ndi Mulungu kuyambira vesi loyamba mpaka lomaliza.

Ignatius wa ku Loyola, amene anakhala m'zaka za m'ma 1500, anapereka langizo limene ndimaliona kuti ndi lanzeru kwambiri: pa nthawi ya kuuma, musasinthe zimene munatsimikiza mtima uli m'malo. Kwa ife zikutanthauza kuti Januwale si mwezi wosiya mpingo, wotula pansi udindo, kapena woyamba kuyendayenda kufuna mneneri woti akuuzeni amene wakutsekerani madalitso. Anthu ambiri ataya ndalama ndi chikhulupiriro chomwe panjira imeneyi.

Kusungulumwa nakonso kumavala nkhope yauzimu. Mpingo watsopano umaimba ndi kupemphera mosiyana ndi mmene munazolowerera, palibe amene akudziwa dzina lanu, ndiye mumatuluka mukuganiza kuti Mzimu mulibemo. Nthawi zambiri chimene mukusowa ndi anthu. Mapemphero a pa YouTube amathandiza, koma sakupatsani Mgonero wa Ambuye ndipo sakufunsani kuti mwasowa bwanji. Pemphani abwana anu, ndandanda isanatuluke, kuti mukhale ndi Lamulungu limodzi kapena awiri pa mwezi. Zikakanika, matchalitchi ambiri amakhala ndi mapemphero apakati pa sabata. Pezaninso munthu mmodzi wokhwima amene mungamuuze zoona.

Tchimo? Inde, nalonso limatseka pemphero. Koma tchimo limakhala ndi dzina: bodza lakuti, ngongole yakuti, chibwenzi chakuti. Limenelo lapani, konzani. Kudzimva wolakwa popanda chimene mungaloze ndi chinthu china.

Pomaliza, pali malire. Ngati kwa milungu yoposa iwiri simukusangalala ndi chilichonse, tulo ndi kadyedwe zasokonekera, kudzuka kukuvuta, pitani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu. Pali matenda okhumudwa obwera ndi nyengo, otchedwa SAD, ndipo amathandizika. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, imbani 116 123, a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene ali m'mavuto, kwaulere, usana ndi usiku, ndipo muwauzenso abusa anu tsiku lomwelo.