Kampweya ka m'botolo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye.

Dzulo ndinakwera minibasi pa depoti ya Kasungu kupita ku Lilongwe. Pamiyendo ndinali nditagoneka botolo la madzi, kukamwa kwake kutaloza kwa dalaivala, ndipo m'kati munali kampweya kotsala kakuyandama pamwamba. Galimoto itanyamuka mwamphamvu, tonse tinagwera cham'mbuyo, mayi wina mpaka anagwira mutu wa mwana. Koma kampweya kaja kanathamangira kutsogolo!

Ndinakayang'anitsitsa ulendo wonse. Pa Chinkhoma dalaivala ataponda mabuleki kuti atsitse munthu, ife tinaweramira kutsogolo, iko kanabwerera m'mbuyo. Nditatembenuza botololo chopingasa ndinaonanso kuti pokhota kamapita mbali yomwe galimoto ikukhotera, pomwe ife tikupanikizana mbali inayo.

Si zamatsenga ayi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pomwe lita ya mpweya imangopitirira pang'ono galamu imodzi. Cholemera chimakana kusinthidwa mayendedwe. Galimoto ikanyamuka madzi amatsalira n'kuunjikana kumbuyo, ndipo potero amakankhira kampweya kutsogolo, monga momwe amakakankhira m'mwamba botolo likangokhala chilili. Kampweyako kalibe mphamvu yakeyake. Kungoti n'kopepuka, ndiye kamamvera msanga kumene woyendetsa walozetsa.

Abale, zinandilasa mtima tisanawoloke n'komwe mlatho wa Bua. Chaka chatha Mulungu anandiuza momveka bwino kuti ndikapepese kwa mchimwene wanga pa nkhani ya malire a munda. Ndinakhala miyezi inayi ndikutsalira ngati madzi aja. Kutchalitchi sindinkajomba, nyimbo ndinkayimba, koma mumtima ndinali nditasenza chakukhosi cholemera kuposa belo la fodya. Mulungu akati tiye, ine m'mbuyo. Akati ima, ine kutsogolo. Ndipo ndinkadabwa kuti n'chifukwa chiyani kukhota kulikonse kwa moyo kumandigwetsa.

Ahebri 12:1 akutiuza kuti titaye cholemetsa chilichonse. Kale ndinkaganiza kuti akunena machimo akuluakulu okha. Changa chinali mizere itatu ya chimanga.

Tsiku lomwe ndinapita, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, mawu anandithawa, ndinangoti, "Achimwene, ndinalakwa." Alamu anatulutsa mphasa ina.

Tipemphere. Atate, m'mawa uno onetsani aliyense wa ife katundu amene wasenza, ndipo mutithandize kumutula. Sungani madalaivala ndi onse oyenda pa msewu wa M1 lero. M'dzina la Yesu, Ameni.