Agogo analera kawiri: mawu a pa mwambo wovundukula chiliza ku Mchinji

Zikomo agulupu, zikomo amfumu ndi nduna zanu, akuluampingo, amayi a Chigwirizano, eni mbumba, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu n'kudzakhala nafe. Ana kumbuyoko, senderani kuno, nkhaniyi ndi yanu.

Agogo athu amene tawavundukulira chiliza lero sankadziwa chaka chimene anabadwa. Ukawafunsa ankangoti pa njala ya 1949 anali kale kamtsikana kotha kubereka mwana kumsana. Ndiye werengani nokha. Anabadwa boma lathu lino likutchedwa Fort Manning. Anagulapo mchere ndi matiki ndi masheleni kwacha isanabwere mu 1971. Chitaganya anachiona chikubwera mu 1953 n'kuchionanso chikutha mu 1963, ufulu wa 1964 anauvinira, ndipo pa riferendamu ya 1993 anakaima pamzere.

Koma zaka zokha si zimene zatisonkhanitsa. Mayi amenewa analera kawiri.

Koyamba analera ana awo, nthawi zambiri ali okha. Agogo aamuna, monga amuna ambiri a nthawi imeneyo, anapita ku Joni pa Wenela kukagwira ntchito m'migodi. Ulendo umenewo unaima mu 1974, ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu athu, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Zaka zonse amuna ali kutali, munda ankalima ndani? Nkhokwe ankamata ndani? Kuno kwathu kwa chikamwini munda ndi wa mkazi ndi mbumba yake, ndiye katundu yense anali pamutu pawo. Malire a minda imene tikulimbiranayi ankawadziwa mtengo ndi mtengo, chulu ndi chulu, ndipo amfumu akhoza kuchitira umboni kuti milandu ingapo inathera pakhonde pawo.

Kachiwiri ndiye kowawa. Msinkhu woti apume utakwana, inafika Edzi. Amene munalipo m'zaka za m'ma 1990 mukukumbuka: maliro kuno, maliro uko, makasu a adzukulu osauma dothi. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, koma kwa ana ena a agogo anafika mochedwa. Mayi anaika m'manda ana amene amayenera kudzawaika iwo. Atachoka kumandako anapeza tiana tili pakhomo tikudikira phala. Sanatigawe kwa achibale ngati nkhuku. Anayala mphasa, natisunga tonse.

Ndiye kunabwera njala ya 2002. Miyezi ya Febuluwale ndi Malichi anthu anadya gaga, ena zitsa za nthochi, ena kuthyola chimanga chosakhwima kuti apange chitibu. Pakhomo pa agogo panalibe wofa ndi njala, ndipo sizinali zamwayi. Ankati chimanga chokha si chakudya. Kudimba kwawo kunkakhala mbatata ndi maungu, kumunda chinangwa m'mphepete, ndipo chaka chilichonse mvula ikamatha ankafutsa nkhwani ndi khwanya, kuyanika, n'kumanga m'zikwatu. Atsikana inu, ndani mwa inu angamange chikwatu lero? Ndikufunsa moona, chifukwa mvula ya masiku ano mukuidziwa, ndipo feteleza mtengo wake mukuuona.

Tsopano ndinene chimene chimandiwawa, ndipo mundikhululukire amfumu ngati ndikulasa. Mayi yemweyu, atataya ana ake, panali pakamwa pena m'mudzi muno pamene panayamba kunong'ona. Akuti bwanji achinyamata akutha koma nkhalamba ili gwa. Mawu amenewo anawafika. Anasiya kupita kumjigo nthawi imene kumakhala anthu, ankakatunga dzuwa lili paliwombo. Taganizani, munthu akulira ana ake, akuphikira ana amasiye, ife n'kumamusenzetsanso dzina la ufiti. Ana aja anafa ndi kachilombo, kachilombo kamene achipatala amakapeza m'magazi. Maso ofiira a agogo ndi utsi wa nkhuni wa zaka zonse zimene akhala akutiphikira. Kuiwalaiwala ndi kuyankhula okha ndi ukalamba, ndipo kudzatipeza nafenso Mulungu akatisunga. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino, limene lilipo kuyambira 1911, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Womangidwa ndi wolozayo.

Mtukula Pakhomo uja, thandizo la ndalama la boma limene lero lili m'maboma onse, anayambira kuno ku Mchinji mu 2006, ndipo anayambira makomo ngati a agogo: osaukitsitsa, opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, nkhalamba ndi tiana basi. Ndalama zake n'zochepa, koma kwa agogo zinkagula sopo, makope ndi yunifolomu. Chonde, inu amene mumaperekeza okalamba kukalandira, ndalamazo zizifika m'manja mwa eni ake. Zoti mdzukulu walandira n'kukhotera pa sitolo kukagula mayunitsi, zimenezo ndi kuba.

Chilizachi ndi chokongola, ndipo amene mwasonkha simenti ndikukuthokozani. Komabe agogo sachiona. Amene angaone zimene tingachite ndi anzawo aja akhala pamphasa apowo. Ena mwa iwo nyumba zawo zinadontha dzinja lonse lathali, ndipo pena bulangete ndi limodzi logawana ndi zidzukulu, kuno Juni akafika kumazizira kwambiri.

Ndiye tagwirizana ndi amfumu chonchi. Loweruka likubwerali achinyamata tikumane pabwalo m'mawa, aliyense ndi mtolo wa udzu ndi luzi, tikayambe kufolera nyumba ziwiri zakumunsi kwa mjigo mvula isanagwe. Amayi a Chigwirizano alonjeza kudzazira pansi. Ana a sukulu mubwere ndi makope, mukakhale ndi agogowo akuuzeni mayina a makolo anu ndi kumene anachokera, mulembe. Zikomo amfumu, ndabweza mawu kwa inu.