Makalata a omvera: Rosolino ndi masambiridwe anayi

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Nkhata Bay. Akuti: "Achimwene, ine ndinakulira m'madzi, koma pa kanema ndinadabwa kuona munthu akusinthasintha kasambiridwe mpikisano uli mkati. Mwana wanga akuti umenewo ndi medley, ndipo kuli Mtaliyana amene anawina nawo golide. Tandiuzeni za iyeyo."

Zikomo bambo, mwana wanu sananame. Dzina lake ndi Massimiliano Rosolino, wobadwira ku Naples mu 1978. Pa mpikisano wa medley wa mamita 200, munthu amasambira mitundu inayi, uliwonse mamita 50. Amayamba ndi butterfly, manja onse awiri akutuluka m'madzi nthawi imodzi. Kenako backstroke, chagada, maso kumwamba. Kenako breaststroke, miyendo ikupalasa ngati ya chule. Amamaliza ndi freestyle, imene mumaidziwa bwino inu a kunyanja.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti Rosolino kwenikweni anali munthu wa freestyle. Pa masewera a Olimpiki a ku Sydney, ku Australia, mu 2000 anatenga siliva pa mamita 400 a freestyle, kumbuyo kwa Ian Thorpe, ndi buronzi pa mamita 200, kumbuyo kwa Pieter van den Hoogenband ndi Thorpe yemweyo. Koma golide anamupeza pa medley, pamene munthu sungabise kufooka kwako. Ukakhala ndi ulesi pa chagada, anzako amakusiya pomwepo. Iye analimbana ndi zitatu zoyambazo, ndipo mamita 50 omaliza anali pakhomo pake. Anagunda khoma pa 1:58.98, kusiya Tom Dolan ndi Tom Wilkens a ku America. Taganizani, bambo, masambiridwe anayi osakwana mphindi ziwiri!

Ina yachokera kwa mayi wa ku Lilongwe: "Ine ndinamva kuti Rosolino ndi wa ku Australia. Nanga bwanji ankasambirira Italy?"

Mayi, munamva mbali imodzi ya nkhani. Amayi ake ndi a ku Australia, bambo ake ndi Mtaliyana, ndipo ali mwana anakhalako ku Australia zaka zingapo asanabwerere ku Naples. Choncho golide uja anamutengera kuchimuna, koma m'dziwe la kwawo kwa amayi ake. Ine zimenezi zimandikhudza mtima. Ndipo sizinathere pomwepo: mu 2001 ku Fukuoka, ku Japan, anakhalanso katswiri wa dziko lonse pa medley ya mamita 200, ndipo mu 2004 ku Athens anapata buronzi pamodzi ndi anzake atatu pa mpikisano wolandizana wa 4x200.

Tibwerere kwa inu a ku Nkhata Bay. Ngati mwanayo akufuna kuyesa medley, aphunzire msanga lamulo ili: pomaliza gawo la chagada ayenera kukhudza khoma akadali chagada. Akatembenuka asanaligwire, amamuchotsa mumpikisano ngakhale atakhala patsogolo.